Kodi Wophika Phala la Ana Ali Mphunzitsi?

Mwezi uno tiyeni tilingalire za anthu aja agwira nchito pa sukulu osagwira coko: wophika cakudya ca ana, mlonda wa usiku, kalaliki wosunga maina, ndi wosesa m'zipinda. Kodi lamulo la dziko liziwawerenga pamodzi ndi aphunzitsi, kapena iai? Musayese kuti ndi mlandu wa dzina cabe, pakuti m'malamulo dzina ndilo limasula thumba la ndarama. Iye amene lamulo limucha mphunzitsi ali ndi malipiro ace oikika ndi njira yokwerera pa nchito. Koma amene lamulo silimuchula adikira cifundo ca anthu.

Maiko awiri akutali anaweruza mlandu uwu, lililonse mwa njira yace, ndipo tingathe kutolapo nzeru.

Ku Philippines, m'caka ca 1966, anaika lamulo la aphunzitsi a sukulu za Boma, nalemba malire poyera. Osunga nyumba za mabuku, alangizi a ana, ophunzitsa nchito za manja ndi oyang'anira sukulu, onsewa anawacha aphunzitsi. Koma anamwino, madokotala ndi anchito ena a pa sukulu anawasiya kunja. Kumeneko munthu akhala mkati mwa mpanda kapena kunja kwace, palibe ca pakati.

Ku Brazil anatsata njira yina. M'caka ca 2005 Boma linayamba maphunziro ochedwa Profuncionário, kuti anchito a pa sukulu aphunzire bwino nchito zao zomwe: kukonza cakudya ca ana, kusunga makalata, kusamala nyumba ndi zipangizo zophunzitsira. Ndipo m'caka ca 2009 anakonza lamulo lao lalikuru la maphunziro la 1996, kuti wanchito amene ali ndi kalata ya maphunziro otere awerengedwe pakati pa akatswiri a maphunziro. Taonani bwino: sanamuche mphunzitsi, koma anambvomereza kuti iyenso ali mleri wa ana. Pambuyo pace panadza nkhani ya ndarama. Lamulo la 2020 linati pa ndarama 100 ziri zonse za m'thumba la sukulu lochedwa Fundeb, zosacepera 70 zipite ku malipiro. Ndipo lamulo la 2021 linalowetsa anchito othandiza m'gawo lomwelo. Komabe malipiro oyambira a dziko lonse, amene anaikidwa m'caka ca 2008, anaikidwira aphunzitsi okha.

Tsono ife tinene ciani? Ine ndiyesa kuti njira yaciwiriyi iposa. Kucha munthu aliyense mphunzitsi sikumlemekeza iye, ndipo kupeputsa uja anakhala zaka zambiri kuphunzira kaphunzitsidwe. Ngakhale mumuche mlonda mphunzitsi kakhumi, sadzaphunzitsa mwana wanu kuwerenga. Ndiponso tisabise cobvuta: mbale imodzi ikacuruka manja, nsima icepa, ngati Boma silionjeza ufa.

Koma kuwaiwala konse ndiko kulakwa kwakukuru koposa. Nkhali siikhazikika pa fuwa limodzi. Mwana wa njala samva masamu. Ndiye wophika phala watsegula makutu amene mphunzitsi adzalankhulamo. Kalaliki akalemba molakwa dzina la mwana pa kaundula wa mayeso, thukuta la zaka zisanu ndi zitatu lingathe kutayika. Ndipo ana aphunzira ndi maso koposa ndi makutu: aona ngati wophika asamba m'manja, ngati agawa mosakondera, ngati mlonda alankhula mwaulemu. Munthu amene ana amtsanza tsiku ndi tsiku ayenera kuphunzitsidwa, kulembedwa m'lamulo ndi dzina lace lace, ndi kulipidwa moyenera.

Inu makolo, simupanga malamulo, koma muli ndi mau m'komiti ya sukulu ya m'mudzi mwanu. Mukasonkhana, funsani: mlonda analandira liti malipiro ace? Amai ophika phala, amene adzuka nkhuku zisanalire, ndani awathandiza nkhuni ndi madzi? Alipo amene anawaphunzitsa za ukhondo wa cakudya? Ndipo kunyumba langizani ana anu kuti apatse moni anthu awa ndi manja awiri, monga acitira kwa mphunzitsi wamkuru.

Tsalani bwino, tidzacezanso mwezi wa mawa.