Tikasamala mitengo, tasamala ndiwo

Mu 2022 anthu padziko lonse anakwana mabiliyoni 8. Onsewa akufuna chakudya chomanga thupi, koma nyama ndi yodula. Mu 2013 bungwe la FAO linalimbikitsa anthu kudya tizilombo. Ife kuno ku Tete tinayamba kalekale kudya matondo, mphalabungu ndi ngumbi.

Lero ena mumzinda muno amati izi ndi ndiwo za amphawi. Ine ndikukana. Matondo ouma amamanga thupi ngati nsomba, ndipo amasungika miyezi yambiri.

Koma taonani matumba a makala m'mbali mwa msewu wa ku Changara. Tizilomboti timadya masamba. Mitengo ya tsanya ikatha, tidzadya chiyani? Wootcha makala akufuna ndalama, inde. Komatu mtengo wodulidwa umalipira kamodzi, pamene woima umatipatsa ndiwo chaka ndi chaka. Tipemphe mafumu athu apatule nkhalango zosadulamo mitengo.