Pogulira osaona makina olondolera njira, tiganizire za kumudzi

Akonzi,

Ndiloleni kadanga pa tsamba lanu la makalata kuti ndilankhulepo pa nkhani imene abusa, ansembe ndi akuluakulu a mipingo akumana nayo posachedwa, ngati sanakumane nayo kale. Nkhani yake ndi ya makina olankhula amene amalondolera njira anzathu osaona.

Ine ndine mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale amene ndinapuma pa ntchito. Alamu anga, omwe ndi mkulu wa mpingo, anasiya kuona atakula kale. Iwo sanagwe mphwayi. Anaphunzira kuyenda ndi ndodo yoyera, ndipo Lamulungu lililonse amapita kukalalikira m'midzi yotizungulira. Abwenzi a mpingo wathu a kunja atamva zimenezi, anawatumizira makina ogwirapo kale ntchito koma abwinobwino. Anabwera zidutswa ziwiri: makina olankhulawo, ndi kabokosi kangati ka machesi kolandira mauthenga ochokera ku masetilaiti. Ziwirizi zimamvana popanda nthambo, m'njira imene amati Bluetooth. Tsiku limenelo amayi a chigwirizano analulutira.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'dzinja lapitali alamu anganso ananyamuka m'mamawa kupita ku mudzi wina wa kutsidya kwa dambo. Usiku wake mwana anali atatchajitsa makina aakuluwo pa sitolo, koma kabokosi kaja anakaiwala pa windo. Kanagwira ntchito theka la ulendo, kenaka kanazima. Makina aakulu anali ndi moto wokwanira, koma analibenso chonena. Alamu anga anaima pa mphambano pomwe udzu unali utatseka njira, mpaka mnyamata wina woweta ng'ombe anawapeza nawagwira dzanja. Anafika mapemphero atatha. Akadalowera kumanzere, kunali chithaphwi chakuya.

Kwa amene sadziwa m'mene zinthuzi zimagwirira ntchito, ndifotokoze monga ndinkachitira m'kalasi. Kumwambaku, pa mtunda wa makilomita oposa 20,000, kukuzungulira masetilaiti a GPS a dziko la America, ndipo sachepera 24. Aliponso ena a ku Ulaya otchedwa Galileo, a ku Russia otchedwa GLONASS ndi a ku China otchedwa BeiDou. Setilaiti iliyonse imalengeza nthawi ndi pamene ili. Kabokosi kaja sikayankha kanthu, kamangomvera. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamawerengera pamene munthu waima, n'kuuza makina olankhulawo. Ntchito imeneyi sifuna mayunitsi. Mpaka mwezi wa May 2000, boma la America linkasokoneza dala mauthengawa kwa anthu wamba, moti makina ankaphonya ndi mamita okwana ngakhale 100. Lero pabwalo poyera amaphonya ndi mamita asanu okha kapena cha pompo, koma pansi pa mitengo yowirira ndi m'mbali mwa nyumba zazitali amaphonya kwambiri.

M'chaka chomwecho cha 2000, bambo wina wosaona wa ku America, Mike May, ndi kampani yake ya Sendero anatulutsa makina otere, omwe munthu ankachita kubereka kompyuta m'chikwama kumsana. Pambuyo pake nzeru yomweyo inalowa m'makina a BrailleNote a ku New Zealand, ndipo mu 2003 ku Canada kunatuluka ena otchedwa Trekker. Oyambirirawo ankalumikizidwa ndi nthambo. Bluetooth itafala, ambiri anaitaya nthamboyo.

Sindikunena kuti amene anaitaya anali opanda nzeru. Nthambo ili ndi zovuta zake. Imakola m'zitsamba ndi pa chitseko cha minibasi, imapiringizana ndi dzanja logwira ndodo, ndipo ikakokedwakokedwa imathothoka kapena kuwononga pakamwa polowetsera. Kabokosi ka nthambo kamayamwanso moto wa makina aakulu, choncho batire limatha msanga. Kopanda nthambo munthu angathe kukamangirira pa phewa kapena pa chipewa, pamene kakuona thambo bwino, foni ili m'thumba. Kwa munthu wa ku London kapena wa ku Area 47 ku Lilongwe, amene ali ndi soketi kumutu kwa bedi, ameneyu ndi wabwino ndithu.

Koma kuno kwathu ine ndikuti pakakhala posankha pakati pa ziwirizi, tisankhe nthambo. Zifukwa zanga ndi zitatu.

Choyamba ndi moto. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe magetsi. Timatchajitsa pa sitolo kapena pa kasola, ndipo mitambo ikachita masiku atatu, kasolako kamagona. Kabokosi kopanda nthambo kali ndi batire lakelake. Ndiye kuti zotchajitsa ziwiri, ndalama kawiri, zoiwala ziwirinso. Batire limodzi ngakhale lizitha msanga, munthu amadziwa chimodzi choti asamale.

Chachiwiri, tikumbukire kuti mwini makinawa saona. Timabokosi tambiri totere anapangira oyendetsa magalimoto, ndege ndi mabwato, ndipo timasonyeza za batire ndi timagetsi tofiira ndi tobiriwira. Kodi kagetsi kothwanima kamuthandiza chiyani munthu wosaona? Makina awiriwo akasiya kumvana, pamafunika kudina apa ndi apo kuti agwirizanenso, ndipo pa dambo palibe wokuwerengera. Nthambo ikazuka, dzanja limadziwa lokha, munthu n'kuibwezera.

Chachitatu, kanthu kangati bokosi la machesi kakagwa mu udzu, ngakhale ife openya timakafuna tsiku lonse. Ka nthambo kakagwa kamalendewera pomwepo.

Komabe kunena zoona, mkangano umenewu opanga makina anayamba kale kuuthetsa. Mu 2008 kampani ya HumanWare inatulutsa Trekker Breeze, momwe zonse zinali m'bokosi limodzi logwira m'dzanja. Inadzatulutsanso Victor Reader Trek mu 2017 ndi StellarTrek mu 2022. Mafoni a makono nawonso ali ndi GPS m'kati mwake, ndipo amatha kulankhula zimene zili pa galasi. Choncho wofuna kugula lero ayambe wafunsa za makina a chidutswa chimodzi. Vuto ndi loti mphatso zobwera kuno nthawi zambiri zimakhala zakale zija, zimene eni ake anazisiya atagula zatsopano. Ndiye mkangano umene kwawo ukutha, kwathu ukuyamba kumene.

Pali chinanso chimene amphatsowo sachidziwa. Makinawa amadalira mapu, ndipo tinjira tathu topita ku chigayo, ku mjigo ndi ku manda sitipezekamo. Makina oyenera kumudzi ndi amene amalola munthu kuyenda ulendo woyamba ndi mnzake, n'kumajambula mawu ake kuti "pano pa mlatho", "pano pa mtengo wa mango", kuti mawa amukumbutse. Ngakhale atero, sadziwa kuti mvula yakumba dzenje usiku kapena kuti ngolo yaima pa njira. Makina olakwa ndi mamita asanu sangalowe m'malo mwa ndodo yoyera.

Tsono pempho langa kwa inu atsogoleri a mipingo ndi ili. Abwenzi akunja akakulemberani kufunsa choti atumize, musayankhe muli nokha m'vesitile. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Muitaneni mwini wakeyo anene kumene amayenda ndi kumene amatchajitsa. Funsaninso a bungwe la Malawi Union of the Blind, kapena aphunzitsi amene anaphunzira za ana osaona ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu, ndi a sukulu zonga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Mufunse kuti mabatire ndi angati, ngati makinawo amanena okha moto ukamatha, ndiponso ngati nthambo yake ingapezeke pa msika wa kuno ikaduka. Kukana mphatso yosayenera mwaulemu si chipongwe.

Alamu anga akulalikirabe. Kabokosi kaja tinakasokera m'kathumba pa lamba wa makina aakulu kuti zizipita limodzi kotchajitsa, ndipo nyengo ya mvula amatsagana ndi mdzukulu. Ndingakondwe kumva kwa owerenga ena osaona, kapena owasamalira, ngati zimene ndanenazi ndi zimene iwonso akuona kwawoko.

Ine wanu wowerenga mokhulupirika,

Mphunzitsi Wopuma,
Ntchisi.