Kodi Tiwerenge Buku Liti?



Anzanga nonse mukumbukira tsiku lija galimoto inafika ndi makatoni a mabuku, mphatso yochokera kwa abwenzi a kutsidya la nyanja. Tinasenza makatoniwo tikuimba, ndipo mashelefu a m'nyumba yathu ya mabuku, m'mene kale munkagona akangaude, anadzaza mpaka kudenga. Kale tinkadandaula kuti mabuku ngochepa. Lero vuto ndi lina. Munthu alowa, atola ili, alisiya, atola lina, ndipo belu la chakudya lilira iye asanawerenge ngakhale tsamba limodzi. Pamwamba pa awa palinso ena osawerengeka amene timatumizirana pa lamya nthawi ya tchuthi. Akuluakulu sananame muja anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Woyamba kugwa chagada ndinali ine ndemwe. Ndinasankha buku lalikulu koposa onse, la chikuto chofiira ndi malemba agolide, pofuna kuti anthu azindiyesa wophunzira kwambiri. Linali kunena za malamulo a msonkho a dziko lina lakutali. Ndinayenda nalo m'khwapa mwezi wathunthu, koma masamba amene ndinawerenga sakwana khumi. Nditapita kwathu ku Tsangano, agogo anandifunsa madzulo tikuotha moto kuti, "Mdzukulu wanga, tamva kuti kusukulu kwanu kwabwera mabuku, tatiuzako zimene alikunena." Ndinangoti kukamwa yasa, manyazi atandigwira. Usiku umenewo ndinayamba kulingalira, ndipo zimene ndinapeza ndi izi.

Tiyeni tiwerengere. Munthu wakhama akamatsiriza buku limodzi pa masabata awiri alionse, pa teremu awerenga mabuku 6, pa chaka 18, ndipo pa zaka zinayi za ku sekondale sapitirira 72. Enawo, ngakhale akhale zikwi, adzatsala pa shelefu. Tsono amene asankha buku loipa sanangotaya nthawi, wadzimananso buku labwino limene likanalowa m'malo mwake.

Langizo langa loyamba ndi lakuti tizilowa m'nyumba ya mabuku tili ndi funso. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu analeka sukulu chifukwa cha kusowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Iye anali kale ndi funso mumtima: kodi dayinamo ya njinga imayatsa bwanji nyale? Pamene anapeza buku lotchedwa Using Energy m'kanyumba ka mabuku ka pa sukulu ya pulayimale, anaona chithunzi cha makina oyendera mphepo, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga akeake ndi zitsulo zotola, nayatsa magetsi m'nyumba ya atate wake. Ana ambiri analiona bukulo, koma linalankhula kwa iye amene anabwera ndi funso. Onaninso kuti linali buku la ku America. Chotero sindikunyoza mabuku a kunja ayi. Ndikunyoza kutola buku monga nkhuku itolera chilichonse chogwa pansi.

Lachiwiri, tisaiwale za kwathu. Ife a kuno ku Ntcheu timapita ku Umhlangano ku Nkolimbo, timavina ngoma, timavala zikopa. Koma ndi angati mwa ife angafotokoze za Inkosi Gomani Chikuse amene anaphedwa ndi Angerezi mu 1896, kapena za Inkosi Philip Gomani amene anachotsedwa pa mpando mu 1953 chifukwa cha kukana Chitaganya? Mayi wina wa ku Mangalande, Margaret Read, anachoka kwawo kudzakhala pakati pa Angoni, nalemba buku la The Ngoni of Nyasaland limene linatuluka mu 1956. Mlendo anaona kuti mbiri yathu njoyenera buku, koma eniakefe tilambalala shelefu imeneyo. Ndaonanso ena akubisa buku la Chichewa pansi pa desiki poopa kusekedwa. Manyazi otere ngachabe. Nthondo, buku limene Samuel Nthara analemba, linasindikizidwa mu 1933, linapata mphotho pa mpikisano wa mabuku a m'zinenero za mu Africa, ndipo mu 1934 linatuluka m'Chingerezi ndi dzina lakuti Man of Africa. Ngati Azungu anafuna kulimva m'chinenero chawo, ife tilikaniranji m'chathu? Aliponso mabuku a John Gwengwe, a E. J. Chadza ndi a Willie Zingani. Pa mabuku atatu alionse amene tibwereka, limodzi likhale la kwathu.

Lachitatu, tilawe tisanatenge. Mayi anga akapita pa msika wa Lizulu sagula kachewere chifukwa cha amene ali pamwamba pa chitini. Amapisa dzanja pansi kuti aone ngati mulibe woola. Buku nalonso chimodzimodzi, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Onani chaka chimene linasindikizidwa, makamaka likakhala la sayansi kapena la mapu, chifukwa buku limene likunenabe kuti likulu la dziko lathu ndi Zomba linalembedwa boma lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975. Kenaka werengani masamba asanu oyamba. Mukapeza kuti pa mzere uliwonse pali mawu atatu osawadziwa, libwezeni mwaulemu, mudzalipeza chaka chamawa. Ndipo funsani aphunzitsi ndi anzanu amene analiwerenga kale, pajatu safunsa anadya phula.

Lachinayi, limene mwasankha mulitsirize. Legson Kayira ananyamuka kumpoto kwa dziko lino mu 1958, ulendo wapansi, kufunafuna maphunziro a ku America. M'kathumba kake munali mabuku awiri okha, Baibulo ndi Pilgrim's Progress. Anayenda nawo mpaka ku Khartoum, nakafika ku koleji ya Skagit Valley, ndipo mu 1965 anatulutsa buku lakelake lotchedwa I Will Try. Mabuku awiri odziwidwa bwino aposa makumi awiri ongonunkhizidwa.

Ndidziwa kuti ena anena kuti, "Iwe, mayeso a MSCE ali pafupi, tiwerenge za silabasi ndi mapepala a mayeso akale basi." Mawu awa ali ndi nzeru, pakuti makolo athu agulitsa mbatata ndi nyemba kuti tipeze satifiketi, ndipo nthawi ya pulepu iyenera kukhala ya maphunziro a m'kalasi. Koma taonani amene amapambana pa chimangirizo m'kalasi mwanu. Kodi si omwe aja amawerenga nthano Loweruka masana? Mawu salowa m'mutu mwa kuloweza mndandanda. Amalowa pokumana nawo kawirikawiri. Ndiponso mayeso adzatha tsiku lina, ndipo amene anawerengera mayeso okha adzatseka buku tsiku lomwelo osadzalitsegulanso.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa aphunzitsi oyang'anira nyumba ya mabuku. Pakhale kope limodzi pa tebulo la pakhomo. Aliyense wobweza buku alembemo mizere itatu: dzina la buku, zimene likunena, ndi munthu amene lingamuthandize. A Fomu 4 ayambe ndiwo asanachoke, kuti ang'ono athu a Fomu 1 asadzasochere monga ndinasocherera ine. Kope la masamba 80 ndagula kale ndi ndalama yanga ya sopo.

Buku lofiira lija ndinabweza. Tsopano ndili pakati pa Nthondo, ndipo tchuthi chikudzachi agogo akandifunsanso pa moto paja, ndidzakhala ndi chowauza.

Ndine wanu,
Mnyamata wa Fomu 3