NCHITO ILI M'MANJA

Kuyambira caka ca 2022 ana a m'Zambia aphunzira ulere m'masukulu a Boma mpaka kutsiriza sekondale. Ici ndi cinthu cabwino, koma cadzutsa funso lalikulu m'midzi: kodi onse otsiriza sukulu adzaipeza kuti nchito?

M'caka comweco Boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000, komabe ambiri okhala ndi mapepala anatsala. Maofesi sangakwane mwana aliyense. Nayo migodi lero ifuna anthu odziwa makina, osati amphamvu cabe.

Cilala ca 2024 cinaonetsa poyera luso limene dziko lisowa. Madzi atacepa ku Kariba magetsi anavuta, ndipo anthu anayamba kufunafuna odziwa kuika masola, kukumba zitsime ndi kukonza mapampu othirira madimba. Mnyamata kapena mtsikana wodziwa zimenezi sayembekeza kalata yocokera ku Lusaka.

Masukulu a luso alipo, monga Chipata Trades ndi Ukwimi Trades, ndipo mapepala ake ndi ovomerezeka ndi bungwe la TEVETA. Ndalama za CDF, zimene zinakwezedwa kufika K25.7 miliyoni m'2022, zili ndi gawo lolipirira acinyamata osauka, ndipo wofunsira ayambira ku komiti ya citukuko ya m'wadi mwake.

Tsono makolo, mafumu ndi atsogoleri a m'midzi akhale pansi ndi ana nthawi isanathe. Banja lisagulitse ng'ombe kulipirira maphunziro lisanafunse ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa, ndiponso ngati lusolo lili ndi msika. M'mera mpoyamba.