Mphoto ya mabuku a ana isamathere pa cheke

Chaka chikamapita kumapeto, m'dziko muno mumachuluka miyambo yopereka mphoto. Oyimba amalandira zawo, osewera mpira zawo, atolankhani zawonso. Alembi a nkhani zazifupi za m'Chingerezi akhala akupikisana kwa zaka zambiri kudzera ku bungwe lawo la Malawi Writers Union. Koma tafunsani kholo lililonse, kapena mphunzitsi wa Sitandade 3, kuti akutchulireni mphoto imene imapita chaka ndi chaka kwa munthu wolembera ana nthano m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao. Adzangokuyang'anani. Ine ndaphunzitsa kupulayimale kwa nthawi yaitali, ndipo zimenezi zimandiwawa. Mwana amavutika kuphatikiza maphatikizo mpaka tsiku lina maso amatseguka, n'kuyamba kuwerenga chilichonse, zikwangwani za magolosale, mapepala okulungira zitumbuwa, mawu a kumbuyo kwa minibasi. Pa nthawi imene ali ndi njala yotereyi, ife timangomubwezera buku la m'kalasi lomwe analiloweza kale teremu yoyamba.

Ndikufuna mphoto ya mabuku a ana ikhalepo kuno kwathu. Koma ndikuyifuna ya mtundu wina: buku likapambana lisindikizidwe, ligulidwe lambiri, likafike m'manja mwa ana. Cheke cha wolemba chibwere pambuyo pa zimenezo.

Amene amati mipikisano ya alembi ndi yongotayitsa nthawi akumbukire mmene buku la Nthondo linabadwira. Samuel Josia Ntara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene bungwe la ku London la International Institute of African Languages and Cultures linkachititsa mpikisano wa zolembedwa m'ziyankhulo za mu Africa. Iye analemba m'Chinyanja, napambana, ndipo bukulo linatuluka mu 1933. Chaka chotsatira Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi ndi mutu wakuti Man of Africa. Ntara sankalembera ana a makalasi oyamba, koma ana asukulu a mibadwo ingapo anakula akuliwerenga. Chinam'kweza mphunzitsi wakumudziyu n'chakuti zolemba zake zinapita ku makina osindikizira. Zikanathera m'kabati ya oweruza, lero tikanamuiwala.

Ku America mphoto ya Newbery inayamba mu 1922, ndipo oweruza ake ndi anthu ogwira ntchito m'malaibulale. Wopambana amalandira mendulo, osati thumba la ndalama. Mphamvu yake ili pa kachizindikiro kagolide kamene amamata pachikuto cha bukulo. Sukulu ndi malaibulale akakaona amaligula, makolo amalifunafuna, ndipo osindikiza amapitiriza kulisindikiza zaka zambirimbiri. Kumeneko zimatheka chifukwa ogula alipo kale, mphotoyo imangowalozera koti apite. Kuno kwathu ogulawo ndi amene akusowa. Kholo limene likuganiza za feteleza ndi yunifomu silingatulutse ndalama ya buku la nthano ngakhale litamatidwa zizindikiro khumi. Osindikiza mabuku nawo amadziwa bwino zimenezi. Mapepala ndi inki amaitanitsa kunja, ndalama zakunja n'zosowa, choncho amathamangira mabuku a m'kalasi ndi a mayeso a JCE ndi MSCE, amene msika wake ndi wodziwikiratu. Sindingawadzudzule. Munthu saika ndalama zake pa katundu woti akangokhala pa shelefu kudya fumbi.

N'chifukwa chake kukopera Newbery mmene ilili sikungatithandize. Ngakhale njira ya ku Nigeria siyokwanira. Kumeneko kampani ya gasi ya NLNG imapereka madola 100,000 kwa wopambana Nigeria Prize for Literature, ndipo pa zaka 4 zilizonse chaka chimodzi chimakhala cha mabuku a ana. Mu 2019 anapambana Jude Idada ndi buku lake Boom Boom, lonena za matenda a sickle cell. Mu 2015 oweruza anakana kupereka mphotoyo kwa aliyense ponena kuti mabuku amene anabwera sanafike pa mlingo. Kulimba mtima kumeneko ndimakuyamikira, ndipo ndalama zotere zimapangitsa dziko lonse kucheuka. Komabe ndalamazo zimasintha moyo wa munthu mmodzi. Mwana wa kusukulu ya kumudzi angathe kumva dzina la wopambana pa wailesi koma bukulo osaligwirapo.

Njira imene inandigwira mtima ndi ya Burt Award for African Literature. Bungwe la ku Canada la CODE linayiyambitsa ku Tanzania mu 2008 ndi ndalama za Bill Burt, kenako inafalikira ku Ethiopia, Ghana ndi Kenya. Alembi a mabuku a achinyamata ankalandira ndalama, inde, koma mbali yofunika inali yakuti bungwelo linkalonjezeratu kugula makope zikwi zingapo kwa wosindikiza wa m'dzikomo n'kukawagawa m'sukulu ndi m'malaibulale. Wosindikiza akadziwa kuti ogula alipo, mantha amatha. Amalemba ntchito mkonzi wabwino, amalipira wojambula, amasankha mapepala olimba. Vuto lake linali limodzi lokha, lalikulu kwa ife: mabukuwo anali a Chingerezi. Titenge nzeru yogula makopeyo, koma tiyigwiritse ntchito pa ziyankhulo zimene ana athu amalankhula kunyumba. Sitikuyambira pachabe. National Library Service inasindikizapo timabuku ta ana ta Werengani mothandizidwa ndi CODE yemweyo, kotero luso ndi njira zogawira zilipo. Anzathu a Chiswahili anatitsogolera kale: mphoto ya Jomo Kenyatta ku Kenya ili ndi gawo la mabuku a ana a m'Chiswahili.

Palinso munthu wina amene timamuiwala, wojambula zithunzi. America inamupatsa mphoto yakeyake, ya Caldecott, kuyambira mu 1938. Kuno dzina lake nthawi zina sililembedwa n'komwe pachikuto. Koma taganizirani za William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu. Atasiya sukulu chifukwa cha njala ya 2001 ndi 2002, ankapita ku kalaibulale ka pasukulu ya pulayimale ya kwawoko, komwe anapeza buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chake chinali chochepa, ndipo iye mwini amanena kuti zithunzi ndi zimene zinamutsogolera mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi. Buku limodzi, pa shelefu ya kumudzi, lokhala ndi zithunzi zomveka. Nkhani ya mnyamatayu inadzakhalanso buku la ana lazithunzi mu 2012, lojambulidwa ndi Elizabeth Zunon, losindikizidwa ku New York m'Chingerezi. Ana a ku America analiwerenga m'chiyankhulo chawo. Mwana wa ku Wimbe woyamba kumene kuwerenga anayenera kukhala woyambirira kukumana ndi nkhani imeneyi, m'Chichewa, ndi zithunzi za wojambula wodziwa maonekedwe a nkhokwe ndi mtengo wa bulugama. Mphoto yathu igawidwe pakati pa wolemba ndi wojambula mofanana.

Tsopano nkhani imene ndikudziwa kuti ena sagwirizana nane. Timabuku tambiri ta Chichewa timene timafika m'sukulu timachokera ku mabungwe, ndipo kalikonse kamabwera ndi uthenga wake: sambani m'manja, gonani m'neti, musakwatiwe muli ana. Mauthengawa ndi ofunika, ndipo ine ndemwe ndimawaphunzitsa. Koma mwana amazindikira msanga kuti akulangizidwa. Amawerenga kamodzi, amayankha mafunso, basi. Buku limene amalibisa pansi pa desiki, limene amalimbirana ndi mnzake pa nthawi yopuma, ndi lokhala ndi munthu amene wagwa m'mavuto ndipo sukudziwa kuti atulukamo bwanji. Agogo athu ankazidziwa izi. Nthano za Kalulu ndi Fisi zinali ndi mwambo mkati, koma ana ankayankha "tili tonse" chifukwa chofuna kumva mathero. Oweruza a mphotoyi afunse funso limodzi patsogolo pa ena onse: kodi mwana adzapempha kuti amuwerengerenso? Ndipo njira yodziwira ndiyo kuwafunsa anawo. Ku Britain, pa mphoto ya Carnegie yomwe inayamba mu 1936, magulu a ana m'sukulu amawerenga mabuku amene afika kumapeto kwa mpikisano n'kusankha lawo, pambali pa chisankho cha akuluakulu. Ifenso tingasankhe sukulu zingapo, ku Nsanje, ku Ntchisi, ku Karonga, ku Ndirande, aphunzitsi awerenge nkhanizo mokweza, ana avote.

Oweruza akhalenso ndi khutu la chiyankhulo. Tatopa ndi timabuku tolembedwa koyamba m'Chingerezi n'kumasuliridwa mothamanga, mpaka mwana amawerenga mawu onse molondola koma osamva kanthu. Amene anawerengapo John Gwengwe, Willie Zingani kapena Jolly Max Ntaba amadziwa kukoma kwa Chichewa choganizidwa m'Chichewa.

Achinyamata akhale ndi gawo lawo. Anzanga amsinkhu wanga amakumbukira mmene timabuku ta Pacesetters tinkayendera m'manja kusekondale mpaka zikuto kuthothoka, ndi kunyadira kwathu titamva kuti Walije Gondwe ndi Dede Kamkondo, alembi a ena mwa timabukuto, ndi Amalawi. Wachinyamata wa lero ali ndi foni, koma akusowabe nkhani ya munthu wonga iye, amene walephera mayeso, amene bambo ake anapita ku Joni osabwerako, amene wayamba kabaza. Ndipo khomo litseguke kwa alembi a ku Chipata ndi ku Tete. Chinyanja chimaphunzitsidwa m'sukulu za ku Zambia, ndiye buku labwino lingagulidwe mbali zonse za malire, mtengo wosindikizira n'kutsika.

Wina anena kuti sukulu zilibe madesiki, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, ndiye za mphotozi n'zamtsogolo. Ndaphunzitsapo pansi pa mtengo, ndipo mavutowo sindikuwachepetsa. Koma boma ndi othandiza ake aika ndalama zambiri mu National Reading Programme kuyambira mu 2016 kuti ana a makalasi oyamba adziwe kuwerenga. Kumuphunzitsa mwana kuwerenga osamupatsa chowerenga kuli ngati kumugulira khasu munthu wopanda munda. Luso losagwiritsidwa ntchito limazilala, ndipo mwana amene ankawerenga bwino mu Sitandade 2 timamupeza akudodoma mu Sitandade 5. Ndalama zake si zoopsa. Makampani a mafoni ndi mabanki amaika mamiliyoni ambiri pa mpira ndi gofu chaka chilichonse, ndipo kagawo kochepa ka ndalama zimenezo kangasindikize mabuku atatu pa chaka.

Chimene ndimaopa ndi mphoto yodalira chifundo cha kampani imodzi. Noma Award, imene inalemekezapo buku la ana la Meshack Asare wa ku Ghana mu 1982, inatha mu 2009 othandiza ake atasiya kupereka ndalama. Choncho yathuyi ikhale m'manja mwa National Library Service, mogwirizana ndi Malawi Writers Union ndi osindikiza mabuku, ndipo kampani yofuna kuikapo dzina lake isayinire zaka zosachepera 5. M'pangano lomwelo alembemo chiwerengero cha makope ogulidwa ndi mayina a sukulu zokalandira, ndipo mndandandawo utuluke m'nyuzipepala kuti mphunzitsi wamkulu wa ku Chitipa athe kufunsa ngati katoni yake sinafike. Mwambo wopereka mphoto usachitike mabuku asanatuluke ku makina, ndipo wopambana akalandirire cheke chake pa bwalo la sukulu ya pulayimale, atawawerengera ana mutu woyamba.