Chenjezo: Musadine Linki ya Nyimbo Imene Mwini Wake Sanaitulutse

Inu nonse amene mukudikira chimbale chatsopano cha woimba wanu wapamtima, chenjerani. Tsiku lotulutsa likamayandikira, mauthenga amayamba kuzungulira pa WhatsApp, pa Telegram ndi pa Facebook, akuti nyimbo zija zabedwa ku situdiyo, dinani apa mumve anzanu asanamve. Musadine. Musatumize ndalama. Musauze munthu nambala iliyonse imene yalowa pa foni yanu. Akathyali adaona kalekale kuti munthu wolakalaka nyimbo saima kuti afunse, ndipo akudyera pa dyera lathuli. Paja akulu adati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amasankha oimba amene anthu awadikira mpaka kutopa. Rihanna adatulutsa chimbale cha Anti mu Januwale 2016, ndipo omutsatira akhala zaka zoposa 8 akufunsa za chotsatira. Frank Ocean naye adatulutsa Blonde mu Ogasiti 2016 n'kukhala zaka zambiri osatulutsa chimbale china. Mu 2023 munthu wina adalowa m'magulu a pa Discord a anthu osaka nyimbo zobedwa n'kuyamba kugulitsa zimene ankati ndi nyimbo zatsopano za Frank Ocean. Anthu adagula, iye n'kutola ndalama pafupifupi madola 13,000 a ku Canada. Nyimbozo sanaimbe ndi Frank Ocean ayi, zidapangidwa pa kompyuta ndi luso la AI lotsanzira mawu a munthu. Ogulawo sanali alendo pa nkhani ya nyimbo. Anali anthu oloweza kaimbidwe ka munthuyo, koma khutu lidawanamiza.

Chaka chomwecho, mu Epulo, nyimbo yotchedwa Heart on My Sleeve idafalikira pa TikTok, Spotify ndi YouTube, mawu ake ngati a Drake ndi The Weeknd enieni. Palibe mwa awiriwa adalowa mu situdiyo kukaijambula. Anthu miyandamiyanda adaimva kampani ya Universal Music Group isanaichotsetse. Choncho musadzitame kuti ine mawu a uje ndimawadziwa. Masiku ano kumva kokha si umboni.

Koma kugula nyimbo yabodza n'kochepa. Choopsa kwambiri ndi chimene chimalowa mu foni pamodzi ndi "nyimboyo". Fayilo ya nyimbo dzina lake nthawi zambiri limathera ndi mp3 kapena m4a. Mukaona likuthera ndi apk, imeneyo si nyimbo, ndi pulogalamu imene ikufuna kukhazikika mu foni yanu ya Android. Ikalowa imapempha chilolezo chowerenga mauthenga anu, kuona manambala a anzanu ndi zithunzi. Dzifunseni nokha: nyimbo ikufuna chiyani ku mauthenga anu? M'mauthenga mmenemo ndi mmene banki imatumiza manambala otsimikizira kuti wotenga ndalama ndinudi. Mukavomera, mwapereka kiyi wa nyumba kwa mbava ndi manja anu.

Njira ina ndi ya gulu la WhatsApp. Amati kuti tikulowetseni m'gulu la omva nyimbo msanga, tiuzeni nambala ya manambala 6 imene yabwera kumene pa foni yanu. Nambala imeneyo ndi imene WhatsApp imatumiza munthu akafuna kutsekula akaunti yanu pa foni ina. Mukangoitchula, inu mwatuluka, iye walowa. Posakhalitsa amayi anu, abusa anu ndi anzanu akuntchito alandira uthenga wa dzina lanu ndi chithunzi chanu, wonena kuti mwagwa m'mavuto, akutumizireni kangachepe mwachangu. Ambiri amatumiza, chifukwa akukukhulupirirani inuyo.

Ena amangopempha ndalama poyera: tumizani pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, tikupatsani chimbale chonse Lachisanu lisanafike. Ndalama yake imakhala yochepa dala, yoti munthu sangavutike kukadandaula. Mukatumiza, nambala ija siyankhanso. Achinyengo ena amaimba foni pambuyo pake, kunena kuti ndalama yanu yakanirira, muwauze PIN kuti aibweze. PIN siuzidwa kwa wina aliyense, ngakhale ejenti, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya foni.

Sindikunena kuti nyimbo sizibedwa. Zimabedwa ndithu, ndipo n'chifukwa chake bodzali limagwira. Mu Disembala 2014 nyimbo za Madonna za chimbale cha Rebel Heart zidatuluka zisanathe kukonzedwa, mpaka iye adakakamizika kutulutsa zina msanga. Amene adathyola makompyuta ake adagwidwa ku Israel n'kulamulidwa kukhala kundende miyezi 14. Mu Okutobala 2022 khoti ku England lidapereka miyezi 18 kwa mnyamata wa ku Ipswich amene adaba nyimbo za Ed Sheeran ndi Lil Uzi Vert zosatulutsidwa n'kumazigulitsa pa intaneti. Ndipo masiku awiri chimbale cha Taylor Swift cha The Tortured Poets Department chisanatuluke pa 19 Epulo 2024, mafayilo adayamba kuyenda pa intaneti, omutsatira n'kumakangana ngati ali enieni kapena a AI. Ndiye ngakhale linki itakhala yoona, chimene mwalandira ndi katundu wakuba. Kuno kwathu lamulo la umwini wa zaluso la 2016, limene bungwe la COSOMA limayang'anira, sililola kufalitsa nyimbo ya mwini popanda chilolezo chake. Woimba wa ku Ndirande kapena ku Area 25 amene wakongola ndalama ya situdiyo, nyimbo yake ikayamba kuzungulira m'magulu tsiku lisanafike, amamva kuwawa koposa Madonna, chifukwa alibe maloya omuthamangira.

Chimbale chikatuluka pamabweranso nkhani ya matikiti, ndipo apa ndikulankhula makamaka ndi abale amene muli ku Britain ndi ku South Africa, kumene oimba akuluakuluwa amafika. Mu Epulo 2024 banki ya Lloyds idalengeza kuti makasitomala ake oposa 600 adaberedwa pogula matikiti abodza a zoimbaimba za Taylor Swift, ndipo idayerekeza kuti m'dziko lonse la Britain anthu adataya ndalama zoposa mapaundi 1 miliyoni. Zambiri mwa zachinyengozo zidayambira pa Facebook. Munthu amalemba kuti wadwala kapena wapeza zochita zina, akugulitsa tikiti yake motchipa, mumutumizire ndalama ku banki. Nthawi zina tsambalo limakhala la mnzanu weniweni limene mbava zalanda.

Nanga nyimbo yoona mungaidziwe bwanji? Woimba akafuna kutulutsa kanthu sabisa, amalengeza yekha pa tsamba lake lotsimikizika, chifukwa amafuna kuti dziko lonse limve. Kuyambira pa 10 Julaye 2015 makampani a nyimbo adagwirizana kuti zimbale zatsopano zizituluka Lachisanu padziko lonse. Zambiri za ku America zimatuluka pakati pa usiku nthawi ya New York, kwathu kuno ili 6 kapena 7 koloko m'mawa malinga ndi nyengo. Ndiye munthu akakuuzani Lachiwiri kuti ali nacho kale chimbale cha Lachisanu, dziwani kuti mwina ndi wakuba, mwina ndi wabodza, ndipo onse awiri safunika nambala yanu. Kusungitsiratu nyimbo pa Spotify kapena Apple Music, kumene amati pre-save, sikulipiritsa, ndipo linki yake muziitenga pa tsamba la woimbayo, osati kwa mlendo wa mu inbox. Yang'anitsitsani kalembedwe ka dzina la tsamba musanalembe password yanu, poti achinyengo amasintha chilembo chimodzi chokha.

Makolo, ana anu ndi amene amasaka nyimbozi, koma nthawi zambiri foni ndi yanu, momwe muli ndalama ya fizi ndi ya feteleza. Auzeni lero.

Ngati mwadina kale, musachite manyazi, chitani changu. Zimitsani data, chotsani pulogalamu iliyonse yachilendo, ndipo sinthani PIN ya Airtel Money, ya Mpamba ndi ya banki pogwiritsa foni ina ngati ilipo. Pa WhatsApp tsekulani two-step verification. Akaunti ikalandidwa, lowaninso ndi nambala yanu ya foni kuti WhatsApp ikutumizireni nambala yatsopano, ndipo imbirani abale kuwauza kuti asatumize ndalama kwa aliyense wolemba m'dzina lanu. Ngati ndalama yapita kale, imbirani kampani ya foni kapena banki nthawi yomweyo isanatapidwe, sungani mauthenga onse ndi nambala imene mudatumizako, kenako kanenani ku polisi. Lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security limaletsa kulowa mu foni kapena mu akaunti ya munthu popanda chilolezo, ndipo mauthenga amenewo ndiwo umboni wanu.