Mphaka wanu azigona pomwe pali chimanga

Tikangokolola, makoswe nawo amasamukira kunyumba. Ndi nyengo imeneyi pamene anthu amayendera anansi awo kukapempha kamwana ka mphaka. Koma akabwera nako, ambiri amangokataya pabwalo, osakapatsa chakudya, ati kakakhuta kachita ulesi. Zotsatira zake timaziona m'midzi monse: amphaka ongoyendayenda, anapiye osowa, ndi milandu ya kwa amfumu pakati pa anthu oyandikana nyumba.

Maganizo athu ndi akuti mphaka ndi chiweto ngati mbuzi kapena nkhuku, ndipo mwini wake ayenera kudziwa komwe wagona. Sitikunena kuti atsekeredwe m'nyumba usana ndi usiku ngati wandende. Koma kumulekerera kuti azingoyenda m'mudzi monse ndi kudziputira mavuto.

Tiyambe ndi ntchito yomwe timamuwetera. Makoswe amaononga kwambiri usiku, ndipo masiku ano alimi ambiri asiya nkhokwe zapanja chifukwa cha akuba, chimanga akusunga m'matumba m'nyumba. Nanga ngati chimanga chili m'nyumba, makoswe ali m'nyumba, mphaka akukatani kudambo? Amene amatsekera mphaka panja usiku ali ngati munthu wolemba mlonda nkumuuza kuti azikagona kumsika. Akuluakulu adati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Khoswe wolowa pakati pa matumba simungamumenye ndi mpini, ndipo kuika mankhwala akupha pafupi ndi chakudya nkoopsa. Mphaka yekha ndiye angamufikire.

Za kumumana chakudya zija nazo ndi zabodza. Mphaka amasaka ngakhale atakhuta, chifukwa kusaka ndi chibadwa chake. Wanjala ndiye amafuna chosavuta kugwira: usipa wa pathandala, ndiwo za mumphika, nkhunda za m'khola, anapiye a eni. Mwanapiye sathawa ngati khoswe. Kankute ka nsima ndi mitu ya usipa madzulo aliwonse nzokwanira kuti mphaka adziwe kwawo.

Phunziro lalikulu pankhaniyi lili pa chilumba cha Marion, chomwe chili m'manja mwa dziko la South Africa. M'chaka cha 1949 anthu adapititsako amphaka asanu kuti akathane ndi mbewa zomwe zinkavutitsa pamalo oyezera za nyengo. Amphakawo adalowa kutchire naswana, moti pofika 1977 adalipo pafupifupi 3,400. Iwo adapeza kuti mbalame za kunyanja zoikira mazira m'mauna nzosavuta kugwira kusiyana ndi mbewa, ndipo ankazipha zikwizikwi chaka chilichonse. Padatenga zaka zambiri ndi ndalama zankhaninkhani kuti amphakawo athe, ntchito yomwe idatha mu 1991. Koma mbewa zija zilipobe, ndipo tsopano zikuluma anapiye a mbalame zikuluzikulu pachilumbapo. Ku Australia, komwe amphaka olowerera athandiza kutha kwa mitundu yoposa 20 ya nyama zing'onozing'ono, boma la dera la Canberra lidalamula kuti mphaka aliyense wobadwa kuyambira pa 1 July 2022 asamatuluke pamalo a mwini wake.

Kwathu kuno si chilumba, ndipo lamulo lotere silingatheke m'mudzi mopanda mipanda. Komabe chibadwa cha mphaka nchimodzimodzi. Timbalame ndi abuluzi omwe amagwira kutchire ndi omwewo amatidyera mbozi ndi ziwala kudimba. Kuswana kwakenso nkofulumira. Mphaka wamkazi atha kutenga bere asanakwane miyezi 6, bere lake limatenga miyezi iwiri yokha, ndipo atha kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Ana osowa owatenga ndi amene amasanduka amphaka a kutchire, olowa m'makola usiku ngati vumbwe.

Chinanso ndi matenda. Nzoona kuti anthu ambiri odwala chiwewe amachitenga kwa agalu, koma mphaka woyenda usiku amakumana ndi agalu olusa ndi nkhandwe, ndipo akalumidwa amabwera nacho kunyumba komwe ana amamunyamula. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Ndowe za mphaka nazo zimatha kukhala ndi tizilombo toononga mwana wosabadwa, choncho mayi woyembekezera asazigwire, ndipo ndiwo zamasamba zizitsukidwa bwino. Tisaiwalenso kuti mphaka woyendayenda amafa msanga. Akadya khoswe wofa ndi temeki kwa anansi, nayenso amapita.

Ena akuti mphaka wogona m'nyumba amaipitsamo. Chithandizo chake nchosavuta: ikani mchenga kapena phulusa m'beseni lakutha pakona, mphaka amazolowera yekha, inu nkumataya kudzenje m'mawa uliwonse. Ena akuti mphaka sawetedwa ngati mbuzi, sangamangidwe chingwe. Zoonadi, ndipo palibe wanena za chingwe. Chomwe chimamanga mphaka ndi mbale ya chakudya pa nthawi yake. Mukamamupatsa dzuwa likamalowa, amabwera yekha, inu nkutseka chitseko.

Tsono alimi anzathu, chitani izi. Usiku mphaka agone m'chipinda momwe muli matumba. Masana atuluke, koma anapiye akhale m'chitatanga kapena m'kakhola kotchinga mpaka atakula, zomwe zimawatetezanso kwa mphamba. A zaziweto akalengeza katemera wa chiwewe, musatenge galu yekha, mphaka nayenso apite, ndipo muwafunse za kufula kapena kutseka mphaka kuti asamaswane. Ngati mukadali ndi nkhokwe, khomani malata pamiyendo yake kuti makoswe asakwere, ndipo lambulani udzu mozungulira, pakuti mphaka payekha sangathe makoswe onse.

Mbuzi yanu ikadya chimanga cha mnzanu, mumalipira. Chomwechonso mphaka wanu akadya anapiye a mnzanu, mlandu ndi wanu, musamayankhe kuti mphaka alibe mwini.